Sitima isanakhudze madzi, mlandu wake ukazengedwa kuti?

Anthu ambiri akamva za mlandu wa sitima ya panyanja amaganiza za ngozi: sitima zagundana, kapena katundu wamira. Koma milandu ina yodya ndalama zankhaninkhani imabuka sitimayo ikadali mulu wa zitsulo pa yadi (malo opangira sitima), isananyowe n'komwe. Ndi milandu ya pakati pa kampani yopanga sitima ndi amene anaiitanitsa.

Gwero lake ndi kalipiridwe. Sitima yaikulu sagula ngati galimoto, yoti waiona, waikonda, walipira. Wogula amapereka ndalama m'magawo, kawirikawiri asanu: posaina mgwirizano, podula chitsulo choyamba, poyala msana wa sitima, poitsitsira m'madzi, ndi poilandira. M'migwirizano yambiri, sitimayo imakhalabe ya kampani yopanga mpaka tsiku loipereka. Ndiye kuti wogula amakhala atatulutsa mamiliyoni a madola, m'manja mulibe kanthu. Komanso mwina iye ali ku Greece, yadi ili ku China, South Korea kapena Japan, kumene sitima zambiri zamalonda zimapangidwa, ndipo banki ili kwinanso. Zikavuta, akadandaule kwa yani?

Yankho limakhala m'ndime ina ya kumapeto kwa mgwirizano, imene anthu amafikapo atatopa kale ndi kukambirana za mtengo. Ndimeyi imatchula malamulo a dziko limene adzatsate ndi malo ozengera mlandu. Migwirizano yambiri imasankha malamulo a ku England, ngakhale palibe mbali iliyonse yochokera kumeneko, ndipo mlandu umayambira ku arbitration, osati kukhoti. Mbali iliyonse imasankha woweruza wake wodziwa za sitima, awiriwo n'kusankha wachitatu, ndipo nkhani imamvedwa mwachinsinsi. Ku London ntchitoyi imayenda kwambiri potsata malamulo a bungwe la London Maritime Arbitrators Association, lomwe linakhazikitsidwa mu 1960. Chimene chimakopa anthu ndi Pangano la New York la mu 1958: chigamulo cha arbitration chimatha kugwira ntchito m'maiko oposa 170, pomwe chigamulo cha khoti la dziko lina chimavuta kuwoloka nacho malire.

Makhoti ali ndi gawo lawo ndithu. Pansi pa lamulo la ku England la Arbitration Act la mu 1996, wogonja angapemphe chilolezo chochita apilo pa mfundo ya malamulo, ngakhale khomo lake ndi lopapatiza. China ili ndi makhoti apadera a za panyanja, omwe anayamba mu 1984 ndipo tsopano alipo 11, m'mizinda ngati Shanghai, Ningbo ndi Dalian. Amamva milandu ya kapangidwe ka sitima ngati mgwirizano sunalozere kwina, ndipo ndi iwo amene ali ndi mphamvu yogwira sitima padoko kuti isachoke.

Koma chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi kalata ya banki. Popeza wogula amalipira asanalandire chilichonse, banki ya kampani yopanga imalemba kalata yolonjeza kuti ikalephera kampaniyo, idzabweza ndalama zimene zinaperekedwa kale. Kalatayi imakhala yamasamba ochepa, pomwe mgwirizano ndi mapulani ake ndi chimulu. Ine ndimaona kuti moyo wa wogula uli pa kalatayi.

Taonani mlandu wa Rainy Sky ndi Kookmin Bank. Mu 2007 makampani asanu ndi imodzi, kuphatikizapo Rainy Sky, anaitanitsa sitima imodziimodzi ku kampani ya Jinse Shipbuilding ya ku South Korea, iliyonse pa mtengo wa madola 33.3 miliyoni. Atalipira magawo oyamba, Jinse inalowa m'mavuto a ngongole. Mgwirizano unanena poyera kuti zikatero ndalama zibwezedwe, ndipo ogula anapita ku Kookmin Bank, imene inalemba makalata olonjeza kubweza ndalama, kukaitanitsa madola 46.62 miliyoni. Banki inakana. Inati ndime ina ya kalata yake inatchula zifukwa zobwezera ndalama, monga kukanidwa kwa sitima ndi kuthetsedwa kwa mgwirizano, koma kugwa kwa kampani sikunatchulidwe. Khoti loyamba, ku England, linagwirizana ndi ogula. Khoti la apilo linagwirizana ndi banki. Mu 2011 khoti lalikulu koposa la ku United Kingdom linagamula kuti mawu akakhala ndi matanthauzo awiri, woweruza angasankhe limene likugwirizana ndi nzeru za malonda. Ndipo ndani angafune kalata yoteteza ndalama zake yomwe sigwira ntchito pa nthawi imene yadi yagwa, nthawi yeniyeni imene chitetezocho chikufunika? Ogula anapambana, koma atadutsa m'makhoti atatu chifukwa cha mawu angapo olembedwa mosasamala.

Mikangano ina ndi ya kuchedwa. Tsiku lopereka sitima likadutsa, pamakhala masiku okhululuka, kawirikawiri 30, kenako mtengo umayamba kutsika tsiku ndi tsiku, ndipo kuchedwa kukafika pa malire amene anagwirizana, wogula angathetse mgwirizano. Yadi imadziteteza ponena kuti inachedwa pa zifukwa zololedwa: mphepo yamkuntho, mliri, sitalaka. Apa mlandu umasanduka wa makalata. Mgwirizano umafuna kuti yadi idziwitse wogula mwa kulemba pasanathe masiku owerengeka, 7 kapena 10. Oweruza amakhala pansi ndi mafayilo, kuwerenga tsiku ndi tsiku: chimphepo chinawomba liti, kalata inatumizidwa liti, ntchito inaimadi kapena ayi. Yadi yomwe inali ndi chifukwa chomveka koma sinalembe kalata pa nthawi yake imatha kugonja. Wogula nayenso achenjere, chifukwa akathetsa mgwirizano tsiku lake lisanakwane, wolakwa amakhala iyeyo.

Za liwiro, kamwedwe ka mafuta ndi kulemera kwa katundu amene sitima inganyamule, izo zimayesedwa pa ulendo woyesera panyanja, ndipo kuperewera pang'ono kumangotsitsa mtengo. Mafunso a luso lokhalokha amatumizidwa ku mabungwe oyendera sitima, monga Lloyd's Register kapena DNV.

Pa kalata ya banki ija pali kanthu kena kamene anthu amakaphonya: tsiku lothera mphamvu. Mlandu wa arbitration ungatenge chaka kapena kuposa, ndipo makalata ambiri amati banki isalipire mpaka chigamulo chitatuluka. Ngati kalatayo sinanene kuti mphamvu yake idzapitirira pamene mlandu uli mkati, wogula angapambane, n'kufika kubanki ndi chigamulo m'manja, n'kupeza kuti lonjezo linatha mphamvu miyezi itatu yapitayo.