Musanafunse kuti "wakhala nambala chani", onani kaye mapepala ake

Makolo anzanga kuno ku Nkhotakota, teremu yachitatu ikamapita kumapeto funso limene ife aphunzitsi timalimva paliponse, kumsika, pa depoti, olo potuluka ku mapemphero, ndi limodzi lomweli: aphunzitsi, mwana wanga akhala nambala chani? Silolakwika funsoli ayi. Koma ine amene ndimaphunzitsa makalasi a Sitandade 5 mpaka 7 ndikuuzeni kuti nambala ija imabisa zinthu zambiri, ndipo zimene imabisazo ndi zomwe zimadzamugwetsa mwana ku Sitandade 8.

Nambala timaipeza pophatikiza malikisi a maphunziro onse kenako n'kuwandandalika ana kuyambira amene wachulukitsa. Nde mwana atha kukhoza bwino Chichewa, Life Skills ndi Expressive Arts, masamu n'kupeza 20 pa 100, Chingerezi chimodzimodzi, koma pophatikiza n'kutulukabe nambala 6 inu n'kumuphera nkhuku. Komanso nambala imatengera anzake amene ali nawo m'kalasimo, ngati kalasi yonse yavutika chaka chimenecho nambala 3 atha kukhala mwana woti ndime imodzi ya Chingerezi sangaimalize kuwerenga. A MANEB pochonga mayeso a PSLCE, omaliza a ku Sitandade 8 aja, sayang'ana kuti mwana pasukulu panu anali wachingati, iye amapikisana ndi ana a dziko lonse, ndipo malo ku sekondale, kaya ndi ya national, yogonera konko ya m'boma, kaya yoyendera ya m'dera ija timati CDSS, ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene amakhoza.

Pamene pamagona nkhani ndi pa Sitandade 5. Kuyambira 1 mpaka 4 mwana wakhala akumva zinthu zambiri m'Chichewa, nde akangolowa 5 mabuku a masamu, sayansi, ulimi, Social onse ali m'Chingerezi, mafunso pa mayeso m'Chingerezi, kupatula phunziro la Chichewa lokha basi. Mwana amene anali wochangamuka ku 4 amangoti zii kumbuyo, osakwezanso mkono, ndipo makolo ambiri amati wayamba ulesi kapena wapeza anzake oipa. Nthawi zambiri si ulesi, sakumva chabe zomwe zikunenedwa. Nde amapeza njira yopulumukira, kukopera manotsi pa bolodi mwaukhondo ndithu, kuloweza, pa mayeso n'kulemba zomwe waloweza. Njira imeneyi imamuolotsa 5, pena 6, koma ku 7 ndi 8 funso likangotembenuzidwa pang'ono basi wasochera, ndipo pomwe akufunika kulemba kalata kapena chimangirizo ndi mawu akeake palibe choloweza.

Ndikuonetseni pafupi. Mufunseni mwana wa Sitandade 6 kuti 1/2 kuphatikiza 1/4 ndi zingati. Ambiri amalemba 2/6, aphatikiza zapamwamba pazokha zapansi pazokha, ndipo amalemba molimba mtima. Koma mwana yemweyo mukamuuza kuti m'chidebe muli usipa theka ndiye mayi ako awonjezera kota, akuyankhani pompo kuti kwatsala kota kuti chidzadze. Mutu ulipo, masamu akuwadziwa, ana a kunyanja kuno pa zowerengera ndalama ndi nsomba simungawapusitse, chomwe chasowa n'kulumikiza za pa bolodi zija ndi zomwe amachita tsiku ndi tsiku. Zimenezi nambala singakuuzeni, koma pepala lake lochongedwa likuuzani.

N'chifukwa chake ndimati mapepala a mayeso akabwezedwa musakulungire mandasi kapena kuyatsira mbaula. Khalani naye pakhonde muone pamene pali cholembera chofiira. Olo inu sukulu simunapite nayo patali zilibe kanthu, mupatseni buku lake la Chingerezi awerenge mokweza ndime imodzi, atseke bukulo, akufotokozereni m'Chichewa zomwe wawerengazo. Akafotokoza nkhani yomveka mtima ukhale m'malo. Akamangoyang'ana pansi kapena kubwereza mawu omwewo a Chingerezi, bwerani mudzationa tisanatsekere, osadikira Sitandade 8 chifukwa kumeneko nthawi imakhala yothamangitsa silabasi ndi mayeso oyeserera a pa zoni, yobwerera m'mbuyo sipezeka.

Palinso masabata amene timawataya tonse, makolo ndi aphunzitsi omwe. A Sitandade 8 nthawi zambiri amalemba mu Meyi, sukulu n'kutsekera mu Julayi. Akangochoka iwowa pasukulu pamakhala ngati chaka chatha, pomwe kumudzi mpunga wacha ukufuna anthu, kuzizira kwayamba, mwera ukuwomba, nde kujomba kumachuluka zedi. Chonsecho imeneyi ndi nthawi yabwino kwambiri kwa a 5, 6 ndi 7, chipinda cha a 8 chili chopanda anthu, madesiki alipo, aphunzitsi awo apumako moti kalasi yodzadza ija titha kuigawa pawiri n'kukhala ndi ovutika kuwerenga paokha. Ndikudziwa manja a mwana amafunika kudambo, sindikutsutsa, bola azipita akaweruka kapena Loweruka.

Za tsiku lotsekera, ine ndimalikonda ndipo ndimafuna makolo muzibwera ambiri, osangotumiza achemwali ake. Magule, chioda, malipenga, sewero, ndakatulo, mpira wa miyendo ndi wa manja, zonsezi si zongotayitsa nthawi. Mwana amene wakhala chete chaka chonse umadzamuona akutsogolera nyimbo kapena kulakatula pamaso pa mafumu ndi a komiti osanjenjemera, ndipo kuchokera tsiku limenelo m'kalasi amayamba kuyankhula. Sukulu zomwe zili pafupi ndi pa boma zithanso kuyenda ndi ana kukaona mtengo wa mkuyu pomwe Livingstone anakumana ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860, kapena akasupe otentha a ku Mawira, zinthu zoti amangozimva mu Social pomwe zili pakhomo pawo, pobwera aliyense alembe zomwe waona. Chimene chimandiwawa ndi chija choitana mayina a olephera pagulu anzawo n'kumawakuwiza. Mtsikana wa zaka 14 amene wasekedwa pabwalo chonchi, mwayi woti mu Seputembala tidzamuonenso ndi wochepa. Okhoza atchulidwe, alandire makope awo, otsalawo tiwauze pambali pamodzi ndi makolo awo.

Nkhani yobwereza kalasi musaitenge ngati chilango, komanso musaitenge ngati mankhwala a chilichonse. Mwana amene sakutha kuwerenga kumukankhira ku 7 chifukwa mwawachonderera ahedi n'kumupweteka. Koma kubwereza pa desiki lomwelo, manotsi omwewo, popanda wina woti akhale naye pa chomwe chinamuvuta, chaka chimangopita mwana n'kumakula, mapeto ake amasiya. Nde mukauzidwa kuti abwereze funsani kuti chamugwetsa kwenikweni n'chani, kuwerenga, kuchulukitsa, kugawa, kapena kujomba, ndipo mugwirizane ndi mphunzitsi wake zoti achite pa holide.

Holide yake ndi yaitali, ana amaiwala zambiri. Makope akale musataye, aziwerengako pang'ono madzulo kusanade, aziwerengera ang'ono ake nthano, mukamutuma kumsika azilemba mitengo papepala n'kuphatikiza yekha. Amene akupita ku zinamwali konzani kuti atuluke sukulu isanatsegulidwe. Ndipo ngati mukuona mtsikana wapafupi nanu akuonetsa zoti sabwereranso, auzeni amayi a mother group holide isanathe, iwo amadziwa kafikidwe kake pakhomopo.