Makalabu a mpira ku England ndi ana a m'madera awo: mafunso ndi mayankho

Ambiri amene timaonera mpira wa ku England pa kanema timadziwa mayina a osewera, ndalama zimene anagulidwa nazo ndi pamene timu ili pa mndandanda wa ligi, koma ndi ochepa amene amadziwa zimene makalabu omwewo amachita mkati mwa sabata m'madera amene muli mabwalo awo. Pali ndondomeko zokhazikika zonena mmene kalabu iyenera kukhalira ndi ana, achinyamata ndi ochemerera ake. Zina anachita kugwirizana makalabu okha, pamene zina tsopano ndi lamulo la dziko. Mafunso otsatirawa akukhudza kwambiri pulogalamu ya Premier League Kicks komanso lamulo latsopano la mu 2025.

Kodi Premier League Kicks n'chiyani?

Ndi pulogalamu imene imapatsa ana ndi achinyamata a zaka 8 mpaka 18 mwayi wosewera mpira ndi masewera ena mwaulere sabata iliyonse, makamaka m'madera a ku England ndi Wales kumene umphawi ndi umbanda zili zochuluka. Inayamba mu 2006 pamene Premier League inagwirizana ndi Metropolitan Police, apolisi a mumzinda wa London, pofuna kuti achinyamata akhale ndi kopita madzulo komanso kuti chidani cha pakati pa iwo ndi apolisi chichepe. Lero ikuyendetsedwa ndi makalabu pafupifupi 90, kuphatikizapo ambiri a m'maligi ang'onoang'ono amene saoneka kawirikawiri pa kanema.

Kuti munthu amvetse, ayenera kuganizira madzulo a mwezi wa December, pamene ku England dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko ndipo kunja kumazizira kwambiri. Pakati pa nyumba zosanjikizana pali bwalo laling'ono la kapinga wochita kupanga, lozunguliridwa ndi mpanda wa waya, ndipo magetsi ake ayatsidwa. Kochi wovala jekete yokhala ndi chizindikiro cha kalabu waima pakhomo ndi kaundula, akulemba aliyense wolowa ndi kumutchula dzina. Ana amagawidwa asanuasanu, timu yogonja imatuluka n'kudikira m'mbali, ndipo nthawi yodikirayo ndi imene kochi amapezerapo mpata wofunsa mnyamata wina chifukwa chake sanaoneke sabata yatha, kapena mmene sukulu ikuyendera. Ntchito yeniyeni ya Kicks imachitika m'mbali mwa bwalomo, chifukwa mwana amene sangamvere mphunzitsi kapena wapolisi nthawi zambiri amatchera khutu kwa munthu wovala mitundu ya timu imene amaikonda.

N'chifukwa chiyani makalabu anayamba ntchito zoterezi?

Sanayambe chifukwa cha chifundo chokha. M'zaka za m'ma 1980 mpira wa ku England unali ndi mbiri yoipa ya ziwawa za masapota ndi mabwalo akalekale osasamalidwa, moti mabanja ambiri anasiya kupita kukaonera masewero. M'mwezi umodzi wa May 1985, anthu 56 anafa pa moto umene unabuka pa bwalo la Bradford City, ndipo ena 39 anafa pa bwalo la Heysel ku Brussels pa ndime yomaliza ya chikho cha ku Ulaya pakati pa Liverpool ndi Juventus, ndipo ngozi ya ku Heysel imeneyi inachititsa kuti makalabu a ku England aletsedwe m'mipikisano ya ku Ulaya kwa zaka zisanu. Anthu okhala moyandikana ndi mabwalo ankaona kalabu ngati chipsinjo chobwera Loweruka lililonse.

Chaka chomwecho Arsenal inakhazikitsa nthambi yake yoona za m'dera, ndipo mu 1986 bungwe la osewera mpira la PFA linayambitsa ndondomeko ya Football in the Community m'makalabu asanu ndi imodzi a kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo, omwe ndi Manchester United, Manchester City, Bolton Wanderers, Bury, Oldham Athletic ndi Preston North End. Everton inayamba yake mu 1988. Choncho Kicks inapeza maziko ataikidwa kale.

Kodi iyi si njira yosakira osewera aluso?

Ayi, ndipo makolo ayenera kuimvetsa bwino mfundo imeneyi. Kusaka ndi kusula luso ndi ntchito ya akademe ya kalabu, imene ili ndi malamulo ake, imasankha ana ochepa kwambiri ndipo ambiri mwa iwo imadzawamasula asanafike pa msinkhu wosaina mgwirizano. Ku Kicks kulibe mayeso olowera. Mwana wosadziwa n'kuponda mpira komwe amalandiridwa chimodzimodzi ndi katswiri wa m'deralo. N'zoona kuti kochi akaona luso lapadera akhoza kudziwitsa a ku akademe, koma kholo limene lingatumize mwana ndi chiyembekezo chimenecho chokha lidzakhumudwa, ndipo lidzalephera kuona phindu limene lili poyera, lakuti achinyamata okulirapo amapatsidwa mwayi wothandiza makochi mongodzipereka, kuchita maphunziro a ukochi kapena a woimbira, ndipo ena amadzalembedwa ntchito m'pulogalamu yomwe inawalera.

Nanga mwana amalowa bwanji?

Kholo kapena womulera amadzaza fomu yovomereza, kawirikawiri pa intaneti kudzera pa tsamba la bungwe la kalabuyo, ndipo amalembapo za umoyo wa mwana ndi munthu woti aimbiridwe foni pakagwa vuto. Palibe cholipira. Makalabu ambiri amakhala ndi nthawi yapadera ya atsikana okhaokha komanso ya ana aulumali. Sipafunikanso kuti mwanayo akhale wochemerera timu imene ikuyendetsa masewerowo.

Ndalama zake zimachokera kuti, ndipo amaziyang'anira ndani?

Gwero lalikulu ndi ndalama zimene Premier League imapeza pogulitsa ufulu woonetsa masewero pa kanema. Mgwirizano wa m'dziko la United Kingdom mokha, umene unayamba mu 2025 ndipo ndi wa zaka zinayi, ndi wa mapaundi 6.7 biliyoni. Kagawo ka ndalama za ligi kamapita ku thumba lachifundo limene linakhazikitsidwa mu 2010, ndipo thumbalo ndi limene limagawira makalabu. Palinso bungwe la Football Foundation, limene Premier League, FA (bungwe loyendetsa mpira ku England) ndi boma anakhazikitsa mu 2000 kuti lizithandiza kumanga ndi kukonza mabwalo a m'madera.

Chofunika kudziwa n'chakuti amene amagwira ntchitoyi si kalabu yeniyeniyo, koma bungwe lachifundo lokhala ndi dzina la kalabu, lolembetsedwa palokha m'kaundula wa boma, lokhala ndi matrasti ake ndi mabuku ake a ndalama. Mabungwewa amasakanso thandizo ku makhonsolo, ku makampani ndi kwa anthu akufuna kwabwino. Dongosolo limeneli lili ndi ubwino wake, chifukwa timu ikatuluka mu ligi yaikulu kapena mwini wake akalowa m'ngongole, masewero a ana sayenera kutha tsiku lomwelo. Komabe lilinso ndi mbali ina imene sitiyenera kuibisa, yakuti kalabu yolemera ikhoza kutamandidwa chifukwa cha ntchito imene mbali yaikulu ya ndalama zake inachokera kwina.

Kodi ana amatetezedwa bwanji kwa akuluakulu a zolinga zoipa?

Funso limeneli lili ndi mbiri yowawa. Kumapeto kwa 2016 osewera akale anayamba kuulula poyera kuti makochi ena anawachita nkhanza zogonana ali ana. FA inalamula kafukufuku amene anatsogoleredwa ndi loya Clive Sheldon, ndipo lipoti lake la mu March 2021, lokhudza zaka za 1970 mpaka 2005, linapeza kuti FA inachedwa kwambiri kukhazikitsa njira zotetezera ana. Masiku ano aliyense wogwira ntchito ndi ana amayenera kufufuzidwa mbiri yake ya milandu kudzera ku bungwe la boma la DBS, amachita maphunziro a katetezedwe ka ana, ndipo kalabu iliyonse imakhala ndi mkulu amene madandaulo otere amapita kwa iye. Kholo lili ndi ufulu wofunsa dzina la mkulu ameneyu lisanasiye mwana pabwalo, ndipo ndi bwino kufunsadi, chifukwa chizindikiro cha timu chimene chimakopa anawo n'chomwecho chimene anthu oipa anabisalamo kwa zaka zambiri.

Nanga ana ang'onoang'ono a ku pulayimale?

Iwo ali ndi pulogalamu ya Premier League Primary Stars, imene inayamba mu 2017 ndipo ndi ya ana a zaka 5 mpaka 11. Aphunzitsi amapeza zipangizo zaulere zophunzitsira masamu, Chingerezi ndi masewera olimbitsa thupi pogwiritsa ntchito zitsanzo za mpira, ndipo makochi a makalabu amayendera sukulu zina.

Ngati mwana amasewera mwaulere mkati mwa sabata, kodi amatha kulowa m'bwalo kukaonera timu yake?

Apa ndi pamene pali vuto lalikulu, ndipo ine ndimaona kuti kalabu iyenera kuweruzidwa pa mfundo imeneyi kuposa pa zithunzi za osewera akugawa majezi kusukulu. Kuyambira sizoni ya 2016/17, tikiti ya sapota wotsatira timu yake koyenda mu Premier League sidutsa mapaundi 30, ndipo izi zinatheka masapota atachita zionetsero kwa zaka zingapo. Koma matikiti a pakhomo alibe malire otere, moti kalabu iliyonse imaika mtengo wake ndipo imasankha yokha kuchuluka kwa mipando yotsika mtengo ya ana ndi okalamba. Kumapeto kwa 2024 Manchester United inaika mtengo wa mapaundi 66 pa matikiti amene anatsala a sizoni imeneyo, popanda kuchotserako ana kapena okalamba, ndipo masapota anakwiya kwambiri. Chaka chomwecho bungwe la masapota la Football Supporters' Association linatsogolera ochemerera a matimu odana kale kuti aime pamodzi kutsutsa kukwera kwa mitengo.

Zotsatira zake n'zoonekeratu. Mwana wokhala pafupi ndi bwalo, amene amamva phokoso la chigoli ali m'nyumba mwa makolo ake, akhoza kukula osalowamo ngakhale kamodzi, pamene mipando yadzaza ndi alendo okwanitsa kulipira. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo chikondi cha timu chimayambadi munthu ali wamng'ono, atakhala pambali pa bambo, mayi kapena agogo ake m'bwalo. Makalabu ena amagawa matikiti aulere kwa ana a m'mapulogalamu awo, zomwe ndi zabwino, koma tikiti ya tsiku limodzi siingalowe m'malo mwa mtengo umene banja wamba lingakwanitse chaka chonse. Ngakhale mwayi woti mwana alowe m'bwalo atagwirana dzanja ndi wosewera, makalabu ena amaupereka mwaulere pamene ena akhala akulipiritsa mapaundi mazanamazana.

Kodi lamulo la mu 2025 likuti chiyani?

Lamulo la Football Governance Act linavomerezedwa mu July 2025, ndipo linakhazikitsa bungwe loima palokha loyang'anira mpira, la Independent Football Regulator. Likukhudza makalabu 116 a m'maligi asanu apamwamba a amuna, kuyambira Premier League mpaka National League, ndipo kalabu iliyonse iyenera kukhala ndi chiphaso cha bungweli kuti izisewera. Mwa zina, kalabu iyenera kumakambirana ndi masapota ake pa nkhani zikuluzikulu, kuphatikizapo mitengo ya matikiti. Siingasinthe chizindikiro chake kapena mtundu waukulu wa jezi yapakhomo popanda kutsimikiza kuti masapota ambiri akugwirizana nazo, dzina silingasinthidwe popanda chilolezo cha FA, ndipo kusamutsa bwalo kumafuna chilolezo cha bungwe latsopanoli.

Mfundo iliyonse mwa zimenezi ili ndi nkhani yake. Mu 2002 Wimbledon inaloledwa kuchoka kumwera kwa London kupita ku Milton Keynes, ndipo masapota otsala anayambitsa AFC Wimbledon kuchokera pansi penipeni. Mu 2012 mwini wa Cardiff City anasintha jezi ya buluu kukhala yofiira, ndipo anabwerera ku buluu mu 2015 masapota atakana kugonja. Mu 2014 FA inakana pempho losintha dzina la Hull City kukhala Hull Tigers. Mu August 2019 Bury, kalabu ya mu 1885 yomwe inatengapo chikho cha FA kawiri, komanso imodzi mwa makalabu asanu ndi imodzi aja amene anayamba Football in the Community, inachotsedwa mu ligi chifukwa cha mavuto a zachuma. Kenaka mu April 2021 makalabu asanu ndi imodzi olemera a ku England analowa m'chikonzero cha European Super League, chofuna kuyambitsa mpikisano wapadera wa makalabu olemera a ku Ulaya, chimene chinagwa pasanathe masiku atatu masapota atadzaza m'misewu. Boma linapatsa phungu Tracey Crouch ntchito yofufuza, ndipo lipoti lake la mu November 2021 ndi limene linabala lamuloli.

Kodi ndiye kuti masapota ndi amene aziika mitengo?

Ayi. Lamulo likukakamiza kalabu kukambirana ndi masapota, koma silikupatsa masapota kapena bungwe loyang'aniralo mphamvu yoika mtengo wa tikiti. Kuyambira mu 2023 Premier League ili ndi muyezo wake wotchedwa Fan Engagement Standard, umene umafuna kuti kalabu iliyonse ikhale ndi komiti ya masapota yolangiza akuluakulu, komanso munthu wa m'bodi woyankha pa nkhani za masapota. Komiti yotere imalangiza chabe, ndipo amene amakhalamo nthawi zambiri ndi akuluakulu okhala ndi matikiti a sizoni yonse, kutanthauza anthu amene akukwanitsa kale kulowa. Ndi chifukwa chake makalabu amene amasonkhanitsa achinyamata a ku Kicks n'kuwafunsa maganizo akuchita chinthu chofunika, malinga ngati zimene anawo anena zikufika kwa amene amapanga ziganizo.

Nanga malonda a juga amene ana amawaona pa majezi?

Majezi ogulitsidwa a msinkhu wa ana saloledwa kukhala ndi dzina la kampani ya juga. Mu April 2023 makalabu a Premier League anagwirizana kuti sizoni ya 2025/26 ikatha, makampani a juga asadzaonekenso kutsogolo kwa jezi yosewerera. Mgwirizanowu sukukhudza mikono ya jezi kapena zikwangwani zozungulira bwalo, choncho mwana woonera masewero adzapitiriza kuona mayina amenewa, ndipo makolo ndi mabungwe a masapota akadali ndi chifukwa chokwanira chopitirizira kuikambirana nkhaniyi ndi makalabu awo.