Zoti disk ikangolowa ndiye kuti igwira bwino, si zoona

Ndatopa nazo zomwe ndakhala ndikumva zaka zonsezi, zoti disk ndi disk basi, bola yalowa pamalo pake ndiye kuti zatheka.

Tengani M.2, ka disk kakang'ono kooneka ngati kandodo kolowetsa pa slot ya mkati mwa kompyuta. Ina imakhala ya SATA ina ya NVMe, zomwe ndi njira ziwiri zosiyana zolumikizirana ndi kompyuta, kaonekedwe n'kofanana, koma slot ya laputopu ikakhala ya NVMe yokha, ya SATA ija imatha kulowa bwinobwino kompyuta osaiona n'komwe. Pa server, kompyuta yotumikira makompyuta ena pa network, ndiye zimavuta kwambiri. Hard disk wamba ya pa desktop ikapeza malo owonongeka imakakamira kuwerenga nthawi yaitali, RAID controller (chipangizo choyendetsa ma disk angapo ngati imodzi) imatopa kudikira n'kuitaya poganiza kuti yafa, pomwe disk yopangidwira RAID imasiya kukakamira pakatha masekondi ngati 7. Ya SMR, hard disk yolemba data mosanjikiza ngati matailosi a denga, nayonso imachedwa kwambiri pa rebuild (pamene RAID ikubwezeretsa data pa disk yolowa m'malo mwa yowonongeka), nthawi yomwe data yanu ili pangozi. Ma server ena akalephera kuwerenga kutentha kwa disk yachilendo mafani amangolira tsiku lonse, ndipo zikavuta opanga makinawo amatha kukana kuthandiza mpaka muichotse.

Sindikunena kuti disk ya kampani ina ndi yoipa ayi, zambiri zimagwira. Koma musanagule onani model number, muifananize ndi mndandanda wa ma disk ovomerezeka wa makina anuwo. Mukagula werengani SMART, lipoti lomwe disk imasunga la momwe ilili, muone maola omwe yagwira kale, kenako idzazeni yonse ndi mafayilo n'kuwatsegulanso, yachinyengo yongolembedwa 2TB imaululika pamenepo. Chonde zomwe simunazitsimikize musamauze anzanu, amene angataye zithunzi za ukwati ndi iwowo.