Oika mtengo wa magetsi: tizichita kuwavotera?

Sabata yatha ndinali pa chigayo china kwa Mpondasi ku Mangochi, ndikulongosolera mwini wake mabuku a ndalama monga ndimachitira mwezi ukatha. Magetsi anali atazima kuyambira m'mamawa. Amayi anali atandandika zidebe za chimanga pakhomo, ena atayala zitenje pansi pa mtengo wa mango kudikira. Bambo mwini chigayocho anatulutsa malisiti a mayunitsi n'kundiuza kuti: "Achimwene, inu za ndalama mumazidziwa. Anthu okweza mitengowa bwanji tisamawavotere ngati aphungu? Akanamatiopa, sakanatipweteka chonchi."

Funsoli si lachibwana, ndipo kuli dziko limene zimenezi zikuchitika kale. America ili ndi zigawo 50, pafupifupi chilichonse chili ndi bungwe lake lovomereza mitengo ya magetsi ndi gasi. M'zigawo zambiri makomishonala ake amasankhidwa ndi gavanala (mtsogoleri wa chigawo), koma m'zigawo pafupifupi 10, monga Georgia, Arizona, Louisiana ndi Oklahoma, anthu amachita kuwaponyera voti. Akatswiri a zachuma Timothy Besley ndi Stephen Coate anafanizira magulu awiriwa, ndipo mu 2003 anaonetsa kuti kumene makomishonala amavoteredwa, magetsi a m'nyumba amakhala otsikirapo mtengo. Apa bambo a chigayo akunena zoona.

Koma ine ntchito yanga ndi yofunsa kuti ndalama yapulumukayo yachokera m'thumba la ndani. Mtengo wa yuniti sulipira magetsi a lero okha. M'kati mwake muli malipiro a antchito, mapolo atsopano olowa m'malo mwa amene chiswe chadya, thiransifoma yosungira tsiku limene ina idzapse, ndiponso kubweza ngongole zimene anamangira malo opangira magetsi. Ntchito zoterezi zimamangidwa ndi ndalama zobwereka, zobweza kwa zaka makumi angapo. Wobwereketsa asanatulutse ndalama amayang'ana kaye amene ali ndi mphamvu pa mtengo. Akaona kuti ndi munthu woti chaka chamawa akapempha mavoti, amadziwa kuti tsiku lina adzakana kukweza ngakhale zinthu zitadula, choncho amaonjezera chiwongoladzanja. Tiyerekeze ngongole ya K100 biliyoni. Chiwongoladzanja chikakwera ndi 1 peresenti yokha, imeneyo ndi K1 biliyoni chaka chilichonse, ndalama yosagula polo ngakhale limodzi, koma yolipidwa ndi ife tomwe ogula mayunitsi.

Kampani ikapanikizika, sichotsa antchito poyamba. Imayamba yazengereza kukonza. Zimenezi sizioneka pa lisiti. Zimaonekera pa usodzi wa ku Makawa nsomba zikaola chifukwa ayezi wasowa, pa wowotcherera zitseko amene wakhala tsiku lonse manja ali m'thumba, pa malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja pamene jenereta ikumwa dizilo usiku wonse.

Pali vuto lina limene limandidetsa nkhawa kwambiri. Phungu timamudziwa, timakumana naye pamaliro. Nanga komishonala wa magetsi angamudziwe ndani? Ovota ambiri amafika pa dzina lake asanalimvepo, pamene kampani imene iye adzaiyang'anire ikumudziwa bwino, ndipo ili ndi ndalama za kampeni. Mu 2019 kampani yaikulu ya magetsi ku Arizona inavomera kuti inathira madola mamiliyoni mobisa pa chisankho cha makomishonala cha 2014. Ku Georgia, makomishonala ovoteredwa ndi anthu analola kuti ntchito yokuza malo a magetsi a nyukiliya a Vogtle ipitirire mpaka inadya madola oposa 30 biliyoni, kuposa kawiri zimene ankayembekezera poyamba, ndipo gawo lina la ndalamazo linalowa m'mabilu a anthu. Anthu a ku New Mexico, atakhala zaka akuvotera makomishonala asanu, mu 2020 anavota okha kuti aleke, ndipo kuyambira 2023 atatu amene alipo amachita kusankhidwa ndi gavanala.

Kuno kwathu ntchito imeneyi ndi ya MERA, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2004. Mamembala ake amasankhidwa ndi Pulezidenti, komiti ya Nyumba ya Malamulo n'kuwavomereza. ESCOM imapereka pempho la mitengo ya zaka zinayi, MERA n'kuliunika, ndipo mu 2023 inavomereza kukweza ndi 50.8 peresenti mogawa pa zaka zinayizo. Musandimve ngati ndikuti kusankhidwa kotere kulibe banga. Wosankhayo nayenso amafuna mavoti, ndiye mantha a chisankho akhoza kulowera khomo lakuseri. Pa mafuta tinaziona ndi maso: kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nthawi iliyonse imene mtengo wa pa pampu unatsalira m'mbuyo mwa mtengo wogulira kunja, chotsatira chinali mizere ya galimoto ndi njinga zamoto, ndi petulo wa m'zigubu wodula kuposa wa pa pampu.

Chimene ndingamenyere ine nkhondo n'choti woika mtengo asachotsedwe pa udindo chifukwa choti wakwiyitsa wamkulu wina, aziika poyera masamu onse amene wagwiritsa ntchito, ndipo kukweza kulikonse kuzimangiriridwa ku malonjezo oti tingawawerenge, monga maola amene magetsi azima pamwezi ndi masiku odikira kulumikizidwa. MERA imachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu isanagamule mitengo ya zaka zinayi, ndipo a zigayo, asodzi ndi amalonda a ku Mangochi ayenera kumafikako ndi mabuku awo m'manja.

Tsiku lija tinatsegula buku la bambo aja n'kuika mbali imodzi ndalama zimene zinaonjezekera pa mayunitsi, mbali ina ndalama za masiku amene chigayo sichinalire. Mbali yachiwiriyo ndiyo inakula. Magetsi anayaka cha m'ma 4 koloko madzulo, amayi ena atanyamula kale zidebe zawo kubwerera kunyumba.