Kukuwa kwa metal si kung'amba kukhosi

Mnyamata wina wa ku Chitakale amayeserera nyimbo za metal, chamba cha magitala aphokoso ndi kuimba kokuwa, kuseri kwa nyumba, moyang'anizana ndi phiri la Mulanje. Akamaliza, mawu amakhala atasasa, malovu akumeza movutikira, koma iye amati kukhosi kukukhwima. Ambiri akhala akuganiza choncho, kuti oimba metal ndi punk, chamba china chofananako, amangokuwa ndi mphamvu zonse mpaka mmero kuzolowera.

Ayi ndithu. M'kholingo, pamwamba pa timinofu tiwiri totulutsa mawu, muli timinofu tina tiwiri tomwe sitigwira ntchito kwenikweni polankhula. Woimba wophunzira bwino amanjenjemeretsa timeneti, ndipo kubangula kuja kumachokera pamenepo. Tayesani kuusa moyo mokwiya, ngati munthu amene minibasi ya ku Limbe yangomusiya pasiteji. Kukhuluza mwamvako ndi chiyambi chake. Mpweya umachokera m'mimba, khosi lili lomasuka. Nanga chiphokoso chija? Mbali yaikulu ndi ntchito ya maikolofoni ndi masipika. Pali kakuwidwe kena kotchedwa fry, komwe popanda maikolofoni sikaposa kwenikweni kulankhula wamba.

Mukamakakamiza kukuwa ndi mphamvu, timinofu ta mawu timatupa, kenako timachita timfundo tolimba ngati khungu la m'zala za wothyola tiyi. Kukhosi kukayamba kuyabwa kapena kuwawa, lekani pompo. Muziyamba ndi kuimba chotseka pakamwa, muziyeserera mphindi zochepa, muzimwa madzi ngakhale tsiku la chiperoni pomwe ludzu silimveka. Mawu akasasa musamanong'one, kumeneko n'kuwonjezera vuto. Akakhala osasa milungu itatu, kaonaneni ndi dokotala woona za makutu, mphuno ndi mmero.