Kachasu si juzi: chenjezo kwa okwera phiri m'nyengo yozizira

Uthengawu ukupita kwa anthu a kuchigwa kuno, kuyambira ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje, makamaka achinyamata amene mwayamba kukonda maulendo okwera mapiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Ulendowo si woipa ayi, umalimbitsa thupi. Chimene chatidetsa nkhawa ife a zaumoyo ndi nkhani imene ikuyendayenda m'magulu a WhatsApp, yakuti wopita ku Mulanje asadzilemetse ndi majuzi, kabotolo kamodzi ka kachasu kapena ka midoli kakwana kuthamangitsa chisanu. Limeneli ndi bodza, ndipo ndi bodza lopha. Mowa sutenthetsa thupi. Umaliziziritsa.

Masabata apitawa ndinacheza ndi mnyamata wina wa m'dera limene ndimagwira ntchito. Iye ndi mnzake anakwera phiri la Mulanje kuchokera ku Likhubula kukuwala bwino, atavala matisheti ndi majinzi, poganiza kuti abwerera dzuwa lisanalowe. Cha m'ma 2 koloko masana nkhungu inatsika, kenako mvula ya mawawa, yosaoneka ngati mvula koma yonyowetsa mpaka kabudula wamkati. Mnzakeyo anayamba kunjenjemera, mano ali gwedegwede. Mnyamatayu anatulutsa kabotolo m'chikwama nati, “Aise, gwira aka, ukhala bwino pompano.” Anamwadi, n'kunena kuti wamva kutentha. Sipanapite nthawi yaitali, anayamba kupunthwa pamiyala imene mwana angaidumphe. Zipi ya chikwama inamukanika kutseka. Mawu anayamba kutuluka ngati lilime lalemera. Kenako anakhala pansi panyowa n'kunena kuti, “Tsogola, ndikupeza.”

Mnyamatayu anandiuza kuti anaseka. Ankati mnzake waledzera ndi kachasu wa pamimba ya njala, ndipo anafuna kumusiya kuti agone pang'ono mowa utsike. Mwayi wawo unali wakuti amuna awiri onyamula katundu wa alendo ankatsika njira yomweyo. Wamkuluyo atangomuyang'ana anati, “Achimwene, uku si kuledzera, chisanu chamulowa uyu.” Anamuvula malaya onyowa, kumukulunga, n'kumunyamula kupita naye m'nyumba ya alendo ya paphiripo. Lero ali moyo. Akanagona pamwala paja, bwenzi tikunena zina.

Chifukwa chiyani ife a kuchigwa tili pachiopsezo

Kuno tili pansi penipeni pa dziko la Malawi. Ku Nsanje ndi ku Nchalo sitifika n'komwe mamita 100 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Tinazolowera kutentha kwa Okutobala kopitirira madigiri 40, moti chimene timatcha chisanu kuno anzathu a ku Dedza angatiseke nacho. Ambiri tilibe ngakhale jekete yeniyeni m'nyumba, tiigulirenji? Koma munthu akakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Amene munakwerapo njinga yamoto pa Thabwa m'mamawa kupita ku Blantyre mukudziwa mmene mphepo imasinthira musanafike n'komwe pamwamba. Tsono nyumba za alendo za pa Mulanje, monga ya ku Chambe ndi ya ku Lichenya, zili pamtunda woyandikira mamita 2,000, ndipo nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Werengani nokha kusiyana kwake. Usiku wa Juni ndi Julayi kumtundako kumagwa chisanu choyera paudzu.

Kuonjezera apo pali chiperoni, mphepo yozizira ya nkhungu ndi mawawa imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Imabwera kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, imatha kukuta phiri m'kanthawi kochepa, ndipo nthawi zina imakhala masiku angapo osachoka. Dzuwa la m'mawa si umboni wakuti kucha bwino tsiku lonse.

Thupi la munthu limagwira ntchito bwino kutentha kwake kwa mkati kukakhala pa madigiri 37. Kukatsika kufika pansi pa 35, munthu wayamba kudwala matenda ozizidwa kwambiri, amene madokotala amati hypothermia. Kukafika pansi pa 32 nzeru zimasokonekera, ndipo pansi pa 28 mtima ukhoza kuima. Zoyambitsa zake n'zodziwika: kuzizira, mphepo, zovala zonyowa, njala ndi kutopa. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kambirimbiri kuposa mpweya, choncho thukuta la pokwera chitunda likangouma ndi mphepo pa tisheti ya thonje kapena pa jinzi, vuto layamba. Sipafunika kuti kuzizire mpaka madzi kuundana. Ana, okalamba, oonda kwambiri, odwala shuga ndi amene angochira kumene malungo amagwidwa msanga. Izi n'zosavuta kumva ndipo palibe amatsutsa. Pamene timakangana ndi pa mowa.

Chimene mowa umachita

Kukazizira, thupi limadziteteza lokha. Timitsempha ta magazi ta pakhungu timafinyika kuti magazi otentha akhale mkati, pafupi ndi mtima, mapapo ndi ubongo. N'chifukwa chake manja amazizira ndi kuuma, pamene mkati muli bwino. Thupi limayambanso kunjenjemera, ndipo kunjenjemerako ndi moto wake: minofu ikamagwedezeka imapanga kutentha.

Mowa umaphwanya chitetezo chonsechi. Umatsekula timitsempha tija, magazi otentha n'kuthamangira kukhungu. Munthu amamva kutentha kumaso ndi pachifuwa, ndiye amati wathandizika. Koma kutentha kumene akumvako ndi kwake komwe, kukutuluka. Zili ngati kutsekula zitseko ndi mawindo a khitchini usiku wa mwera: woima pakhomo amva kufunda, koma m'nyumbamo mukuzizira. Mowa umachepetsanso kunjenjemera, umatsitsa shuga m'magazi mwa munthu amene watopa ndipo sanadye, komanso umachotsa mantha. Womwa amaona ngati angathe kudutsa pathanthwe loterera, amakana kubwerera, amavula jekete.

Ndikudziwa yankho lanu, ndalimva kambirimbiri: “Koma adokotala, ine ndimamva kutentha ndikamwa.” Inde mumamva. Sitikukana zimene mumamva. Tikunena kuti khungu likukunamizani. Ena amati kachasu wa kumudzi ndiye wamphamvu, wa m'sitolo ndiye wachabe. Ena amati burande kapena jini ndi mankhwala a chisanu chifukwa azungu amanyamula. Onsewo ndi mowa, ndipo ukakhala waukali kwambiri ndi pamene umaononga msanga. Uchema, masese, mowa wa m'botolo, palibe wabwino pamenepa.

Choopsa kwambiri n'chakuti munthu wozizidwa amaoneka ndendende ngati woledzera. Amadzandira, amalankhula zosamveka, zinthu zimamupulumuka m'manja, amakwiya pachabe kapena amangoti zii, safuna kuyankha, amafuna kugona. Ngati simunamwe, mukaona zimenezi mudzidzimuka n'kuchitapo kanthu. Koma ngati kabotolo kadutsapo, mudzati waledzera, mudzamudikira kuti mowa utsike, ndipo nthawi yodikirayo ndi imene imapha. Kuphiri, m'nyengo yozizira, mnzanu akayamba kudzandira musafunse kuti wamwa kapena sanamwe. Mutengeni ngati wozizidwa.

Zizindikiro ziwiri muzisunge pamtima. Choyamba, munthu amene amanjenjemera kwambiri akasiya kunjenjemera asanafunde, asanadye, asanavale zouma, sanachire ayi. Mphamvu zamuthera ndipo matenda akula. Chachiwiri, ena akafika poipa amamva ngati akupsa n'kuyamba kuvula zovala. Musamulole, ndipo musaseke.

Pali ena amene akaona mnzawo akubwebweta kuphiri amati mizimu yamugwira. Phiri la Mulanje lili ndi miyambo yake, dzina lakuti Sapitwa lenilenilo ndi chenjezo, ndipo eni dera akakuuzani zoyenera kulemekeza, lemekezani. Ine pa za mizimu sindikutsutsana ndi munthu. Pempho langa ndi lakuti muyambe mwamufunditsa, zokambirana zibwere pambuyo. Mu Julayi 2009 mlendo wina wachinyamata wa ku Brazil anapitirira yekha ku Sapitwa atasiya womutsogolera, nyengo inasintha, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata. Chinamupha ndi kuzizidwa. Anali munthu wamphamvu, woyendayenda m'maiko ambiri.

Mnzanu akazizidwa

Musamusiye yekha kuti akupezeni. Pezani pobisala mphepo, kuseri kwa thanthwe, m'phanga, kapena m'nyumba ya alendo ngati ili pafupi. Muvuleni zonyowa zonse, ngakhale achite manyazi, mumupukute n'kumuveka zouma. Asakhale kapena kugona pamwala kapena padothi, chifukwa pansi pamayamwa kutentha: yalani chikwama, udzu wouma kapena masamba. Mufunditseni mutu, khosi ndi chifuwa poyamba, kenako mukulunge thupi lonse ndi bulangete kapena chitenje, pamwamba pake pepala la pulasitiki loletsa mphepo ndi madzi. Ngati zofunda zachepa, lowani naye momwemo, chifuwa chanu chikhudze thupi lake, monga amachitira amayi a ana obadwa masiku asanakwane. Apa palibe za manyazi.

Ngati ali maso ndipo akutha kumeza bwino, mupatseni tiyi wofunda wa shuga wambiri, phala kapena thobwa lofunditsa, ndi chakudya. Ngati akusinza kapena sakuyankha bwino, musamuthire kanthu kalikonse m'kamwa, angatsamwe. Mowa ayi. Ngakhale kadontho, ngakhale wothira mu tiyi, ngakhale apemphe yekha, ngakhale wamkulu wa gulu anene kuti kwawo amatero. Fodyanso ayi.

Musamutikite manja ndi miyendo, musamuviike m'madzi otentha, ndipo musamuyandikitse kwambiri pamoto. Khungu lozizidwa silimva kupsa, ndipo kufunditsa miyendo mwadzidzidzi kungagwetse kuthamanga kwa magazi. Botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu mukhoza kuliika m'khwapa kapena pachifuwa. Amene wafooka kwambiri musamukakamize kuyenda. Munyamuleni chogona, pang'onopang'ono, osamugwedeza, chifukwa mtima wozizira sufuna kudzidzimutsidwa. Ndipo ngati mwayatsa mbaula m'chipinda, musatseke mawindo onse: utsi wa makala umapha mwakachetechete.

Munthu wozizidwa kwambiri amatha kuoneka ngati wamwalira, thupi lili zii, kupuma kosaoneka. Musathamangire kulira maliro. Yang'anani kupuma kwake kwa mphindi yathunthu, pitirizani kumufunditsa, tumani wina akaitane thandizo. Wonena kuti munthu wamwalira akhale wachipatala.

Musananyamuke

Lembetsani ku ofesi ya zankhalango ya ku Likhubula ndipo tengani wotsogolera njira wa komweko. Ndalama yake imaoneka yambiri mukadali pansi, koma safunsa anadya phula, ndipo m'nkhungu njira imasowa mutaima pomwepo. Uzani achibale njira yanu ndi nthawi yobwerera, poti foni sigwira paliponse ndipo batire limatha msanga kukazizira. Sapitwa si ulendo wopita ndi kubwerera tsiku limodzi kuchokera pansi; okwerako amagona kaye kumtunda, kawirikawiri m'nyumba ya ku Chisepo. M'miyezi imeneyi dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, choncho gwirizanani mukadali pansi nthawi yotembenukira, ndipo ikakwana tembenukani ngakhale nsonga ikuoneka pafupi. Chiperoni chikayamba, ulendo wathera pomwepo.

M'chikwama mukhale juzi, jekete yosalowa madzi, chipewa chofunda, masokosi ndi malaya osinthira zomangidwa m'jumbo, tochi, machesi, fulasiki ya tiyi, ndi zakudya monga mtedza, mbatata yophika, nthochi ndi zitumbuwa. Zonsezi zimapezeka pa kaunjika ndi pamsika, pamtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa mabotolo amene mumasonkherana aja. Idyani pafupipafupi, musadikire njala. Pokwera chitunda vulani juzi kuti isanyowe ndi thukuta, mukangoima ivaleni.

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya kuphiri kokha. Asodzi amene amachezera m'bwato pa Shire ndi m'madambo usiku wa mwera, alonda, a kabaza a m'bandakucha, ngakhale munthu amene waledzera n'kugona panja m'mwezi wa Juni, onsewa bodza lomweli limawapweteka. Amene tinaona anthu akutulutsidwa m'madzi nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa kuti munthu wonyowa amazizidwa ngakhale kuchigwa kuno. Wovuulidwa m'madzi musamupatse kachasu kuti “atsitsimuke”.

Aliyense amene anafika posokonezeka mutu, posiya kunjenjemera kapena pokomoka apite kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo, ngakhale aoneke ngati wachira. Kuchipatalako musabise kanthu: nenani nthawi imene anakhala ali wonyowa, chimene anadya, matenda amene ali nawo, ndipo ngati anamwa mowa, nenani mtundu wake ndi kuchuluka kwake. Sitikukufunsani kuti tikudzudzuleni, tikufuna tidziwe ngati tiyambe ndi kumuyeza shuga.