Lamulo la ku Ulaya pa kasungidwe ka nkhumba m'mafamu akuluakulu: mafunso ndi mayankho

Ku Spain, Germany ndi Denmark kuli mafamu amene amaweta nkhumba masauzande ambiri m'nyumba zotseka, pansi pali simenti yokhayokha. Bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Union (EU) lili ndi lamulo lotchedwa Directive 2008/120/EC lonena zimene mlimi wotere sayenera kuichita nkhumba.

Vuto lalikulu linali chiyani?

Tizipinda tazitsulo totsekeramo nkhumba yabere. Kachipinda kamodzi kamatalika pafupifupi mamita 2, m'lifupi masentimita 60 okha. Nkhumba imangoima ndi kugona, kutembenuka n'kosatheka. Bere la nkhumba limatenga masiku pafupifupi 114, ndiye ganizirani nyama yanzeru chotere ikuyang'ana mbali imodzi masiku onsewo, miyendo itatupa, ikungotafuna chitsulo mpaka thovu kukamwa. Britain idaletsa tizipindati mu 1999. Mayiko a EU adatsatira kuyambira pa 1 Januwale 2013: nkhumba zabere ziyenera kukhala m'gulu kuchokera pakatha milungu 4 zitakweredwa kufikira sabata imodzi zisanaswe.

Ndiye kuti zitsulo zidatheratu?

Ayi ndithu. Milungu 4 yoyambirira ija idakali yololedwa, komanso nthawi yoswa ndi yoyamwitsa nkhumba imatsekeredwabe m'chitsulo china. Alimi amati akuteteza tiana kuti make angatigonere, ndipo n'zoona kuti tiana timafa motero. Koma nkhumba ikatsala pang'ono kuswa imafuna kutola udzu n'kukonza pogona, ndipo m'chitsulomo imangopalasa simenti yopanda kanthu. Anthu pafupifupi 1.4 miliyoni adasaina pempho loti zitsulozi zithe, ndipo mu 2021 akuluakulu a EU adalonjeza kuti abweretsa lamulo latsopano pofika 2023. Chaka chimenecho chidadutsa popanda lamulolo.

Bwanji nkhani yodula michira?

Apa m'pamene mtima wanga umawawa kwambiri. Nkhumba idalengedwa kuti izifukula nthaka ndi mphuno pafupifupi tsiku lonse. Mukaithinitsa pa simenti popanda chofukula, imayamba kuluma mchira wa inzake, magazi akatuluka zinanso zimathamangirako, bala n'kuola. M'malo mokonza khola, alimi ambiri amangodula michira ya tiana tikangobadwa.

Lamulo likuti kudula michira mwachizolowezi n'koletsedwa. Mlimi ayambe wachepetsa kuthinana, wakonza mpweya ndi kadyetsedwe, ndipo nkhumba iliyonse ikhale ndi zofukula nthawi zonse, monga mapesi, udzu wouma, utuchi kapena mitengo. Kudula kubwere pokhapokha pali umboni wa mabala ndipo njira zinazo zalephera. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'mayiko ambiri a EU nkhumba zochuluka zimadulidwabe. Finland ndi Sweden adaletseratu, ndipo alimi awo akuweta nkhumba za michira yathunthu. N'zotheka ndithu.

Pali malamulo enanso?

Alipo. Nkhumba yolemera kuposa makilogalamu 110 ipatsidwe malo osachepera sikweya mita imodzi. M'khola muziwala kwa maola 8 pa tsiku, ndipo nkhumba yopitirira milungu iwiri izipeza madzi nthawi zonse. Tiana tisaletsedwe kuyamwa tisanakwane masiku 28, ngakhale pali mpata wochita pa masiku 21 ngati pali nyumba yapadera yaukhondo. Kuthena popanda mankhwala opha ululu n'kololedwa m'masiku 7 oyambirira okha, koma nakonso kumawawa. Germany idakuletsa kuyambira mu 2021.

Mlimi wa ku Malawi zikumukhudza bwanji?

Lamuloli silifika kwathu. Koma poopa chigodola, ambiri tikusiya kulekerera nkhumba pamudzi n'kumanga makola asimenti, ndipo n'koyenera kutero. Pomanga khola lotere, musiye malo oti nkhumba itembenuke momasuka, ndipo m'mawa uliwonse muziponyamo mapesi a chimanga kapena masangwe a mtedza. Mukaona mchira wa magazi, werengani kaye kuti m'kholamo muli nkhumba zingati musanatenge mpeni.